Denga la lusalite la kusukulu kwathu: tisasule Loweruka kapena tidikire pepala?

Gulu la WhatsApp la ana a kumudzi, Angónia

Lachitatu madzulo

Bambo Jere: Mwaswera bwanji nonse, apafupi ndi akutali. Zithunzi mwaziona. Matalala a Lolemba aja aboola denga la mdadada wakale, uja wa makalasi awiri. Ana a 5ª ndi 6ª classe akuphunzirira pansi pa mkuyu, ndipo mayeso ali pakhomo. Dzulo a Conselho de Escola, komiti ya sukulu, tinakhala pansi ndi makolo. Tagwirizana kuti khomo lililonse lisonkhe 200 meticais. Loweruka tisasula denga lonse, ma lusalite, malata a simenti aja, amene sanasweke tigulitsa kuti tiwonjezere pa ndalama ya malata. Njerwa tili nazo mauvuni awiri, ndiye tikufuna tilumikize kalasi yachitatu chakumpoto. Amene muli kutali, M-Pesa ndi e-Mola zikugwira ntchito.

Gift wa pa Zóbuè: Ma lusalite athunthu atsala angati, bambo? Ine nditenga khumi. Khola langa la nkhumba likudontha.

Bambo Jere: Tawerenga 46 abwinobwino. Osweka ndi ambiri ndithu.

Nangozo: Osweka aja musataye, tiwaphwanye tithire pa mpita pakhomo la sukulu. Mvula ikagwa pamakhala chithaphwi, ana amalowa m'kalasi ndi matope mpaka m'maondo.

Dyeratu: Ine ndibwera Loweruka ngati kuli thobwa. Popanda thobwa mutu wanga susenza denga.

Nabanda wa ku Tete: Malume, pepani ndalowa mochedwa, ndinali pa ntchito. Ndawerenga zonse. Ndikupemphani ndi ulemu wonse: Loweruka musakwere padengapo. Musagulitse ngakhale limodzi. Ndipo mayi Nangozo, zophwanya ndi kuthira pa mpita ndiye zoopsa kuposa zonse zomwe zanenedwa pano. Mdadada uja unamangidwa nthawi ya Apwitikizi. Ma lusalite a nthawi imeneyo ndi simenti yosakaniza ndi amianto, amene ku Malawi amati asibesitosi.

Mestre Zuze: Yayamba ija ya a injiniya. Mwana wanga, ine ndakhoma lusalite kuyambira iwe usanabadwe. Ndadula ndi sowo, ndadula ndi rebarbadora, makina odulira aja, fumbi mbuu kumaso ngati ndachokera kuchigayo. Ndili ndi zaka 61, ndikukwerabe padenga. Tonse pano tinaphunzira pansi pa denga lomwelo. Wafa ndani?

Enf. Esinati (namwino): A Mestre, funso lanu ndi labwino ndipo anthu ambiri amafunsa choncho. Vuto la amianto ndi loti sapweteka lero. Ndi mwala wokhala ndi timaulusi tating'onoting'ono, tina tosaoneka n'komwe ndi maso. Mukatipuma timakakhazikika m'mapapo, ndipo thupi limalephera kutisungunula. Matenda amadzaoneka patapita zaka 20, 30, ngakhale 40. Alipo atatu odziwika bwino: mapapo kuuma ndi zipsera mpaka munthu kumabanika, khansa ya m'mapapo, ndi khansa ina yotchedwa mesothelioma imene imagwira kachikopa kokuta mapapo. Yomalizayi pafupifupi nthawi zonse imachokera ku amianto, ndipo kuchira kwake n'kovuta kwambiri. A WHO amanena momveka kuti mitundu yonse ya amianto imayambitsa khansa, ngakhale woyera uja amene anathiridwa m'malata ambiri.

Enf. Esinati: Za "wafa ndani", kuno kwathu munthu akamatsokomola, kuonda ndi kubanika, tonse timathamangira kunena kuti ndi TB. Akamwalira nkhani yatha. Palibe amafunsa kuti zaka 30 zapitazo ankagwira ntchito yanji.

Mestre Zuze: Ndiye mukundiuza kuti ndine maliro oyenda?

Enf. Esinati: Ayi bambo anga, si aliyense wopuma fumbilo amadwala. Koma fodya uja mumakoka musiye, chifukwa fodya ndi amianto akakumana m'chifuwa chimodzi, ngozi ya khansa imakula kwambiri. Ndipo mukadzayamba kubanika pokwera chitunda, mudzauze dokotala za ntchito yanu, musadzangoti ndi ukalamba.

Mestre Zuze: Fodya wanga walowa bwanji m'nkhani ya sukulu?

Dyeratu: A Mestre afunsa funso limodzi, alandira mayankho atatu ndi chiletso cha fodya.

Kondwani ku Joni: Abale, zimene akunena achemwali a Nabanda ndi zoona. Kuno analetsa asibesitosi mu 2008. Ine ndimagwira ntchito ya zomangamanga, ndipo tikapeza denga lotere ife wamba sitiloledwa n'kuligwira komwe. Amaitana kampani yokhala ndi chilolezo cha ntchito imeneyi. Amabwera atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kumanga tepi kuzungulira malo onse, ife kutithamangitsa. Tsiku loyamba ndinaseka, ndimati azungu akukokomeza. Kenako mnzanga wa ku Kuruman anandifotokozera za kwawo, kumene kunali migodi ya asibesitosi. Akuti anadwala si okumba okha, komanso azimayi amene ankachapa zovala zawo ndi ana amene ankasewera pa milu ya zotsalira za mgodi. Kuseka kunathera pomwepo.

Bambo Jere: Nabanda, mwana wa mlongo wanga, ndakumva. Koma tandiuza, ngati zili zoopsa choncho, si ndiye bwino tichotse msanga? Ana akhala pansi pake zaka zonsezi.

Nabanda wa ku Tete: Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, malume. Lusalite likakhala lathunthu padenga, osaligwira, timaulusi tija timakhala tomangika m'simenti, ndipo totuluka ndi tochepa. Ngozi imadza pa kuboola, kudula, kuphwanya, kupala ndere ndi burashi yawaya, kuliponya pansi, ndi kusesa fumbi lake louma. Ndiye tsiku loopsa kwambiri pa moyo wa denga limenelo ndi tsiku lolisasula. Taganizirani Loweruka lanu: anyamata 20 padenga, akuponya pansi, ana akutola zidutswa, azimayi akusesa. Fumbi la tsiku limodzi limenelo lingapose la zaka zambiri zimene ana akhala m'kalasimo.

China, lusalite lakale ndi lofumbwa. Munthu akaponda pakati pa mitanda amabooleza n'kugwera pansi. Imeneyo ndiye siidikira zaka 30.

Gift wa pa Zóbuè: Koma nkhumba sizikhala zaka 30. Ndigulitseni basi.

Nabanda wa ku Tete: Nkhumba ayi, koma adzadule ndi kuboola ndani? Si iwe ndi ana ako? Komanso Gift, ndi mlandu. Mozambique inaletsa amianto mu 2010, Decreto 55/2010. Kupanga, kugwiritsa ntchito, kulowetsa m'dziko, kutulutsa ndi kugulitsa, zonse n'zoletsedwa. Conselho de Escola ikagulitsa ma lusalite 46 aja, ndiye kuti sukulu ya boma yagulitsa katundu woletsedwa ndi boma. Ndipo denga lenilenilo ndi katundu wa boma, si la makolo.

Gift wa pa Zóbuè: Nanga amene ndimawaona m'magalimoto ochokera ku Cuchamano? Ena ali m'masitolo atsopanotsopano.

Nabanda wa ku Tete: Alipo malata a fibrocimento amakono opanda amianto, amathiramo ulusi wina. Maonekedwe ndi amodzimodzi, ndi maso sungasiyanitse. Pogula funani polembedwa kuti "sem amianto" ndiponso pepala la kufakitale. Ochokera ku Zimbabwe samalani nawo, chifukwa kumeneko sanaletse, ndipo migodi yake ya ku Zvishavane ndi Mashava ndi yotchuka kuyambira kale. Dzina loti lusalite linachokera ku kampani ya Lusalite imene inali ndi fakitale ku Dondo, koma ife timangotchula choncho lata lililonse la simenti, ndiye dzinalo silikuuzani zimene zili m'kati.

Aphunzitsi Maseko: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mdadada umenewo ine ndinaphunziramo, ndinadzaphunzitsamonso zaka 19. Nthawi ya nkhondo tonse titathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, makalasi ena anapsa, koma uwu unatsala chifukwa denga lake silinkagwira moto. Titabwerera mu 1993 ndi mmene tinayambira. Ndiye ine ndimaukonda. Mu Juni kukazizira m'menemo mumafunda, matalala akagwa simusokosa ngati m'malata. Koma ndikumbuka chinthu chimodzi chimene chandisowetsa mtendere usiku uno. Choko chikatha ndi masileti kulibe, tinkapatsa ana zidutswa za lusalite kuti azilembapo ndi makala. Ena ankazinola pamwala kuti zisalale. Ndinkawauza ndine.

Enf. Esinati: Aphunzitsi, simunkadziwa. Palibe ankadziwa kumudzi nthawi imeneyo.

Aphunzitsi Maseko: Bambo anga aang'ono anagwira ntchito pa mgodi wina wa asibesitosi ku Rhodesia. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa. Tinkati anawalodza anzawo chifukwa cha njingayo.

Nangozo: Ine mwandiopseza. Kunyumba kwanga khitchini ndi ya lusalite, ndipo timatchera madzi a mvula. Tikumwa poizoni?

Enf. Esinati: Mayi, ngozi yodziwika bwino ndi ya kupuma, osati kumwa. Madziwo sefani ndi kuthira mankhwala a Certeza monga mwa nthawi zonse. Chimene musachite ndi kupala dengalo, kapena kukazingira chimanga ndi mtedza pa chidutswa chake. Matope ouma a m'ngalande ya denga musasese, anyowetseni kaye.

Prof. Chimbalanga: Monga admin ndiponso mphunzitsi wa pasukulupo, ndibweze nkhani pa ana. Ndili ndi ana 74 pansi pa mkuyu. Mvula ikangoyamba zenizeni, sukulu yatha. Mukuti tisasasule, chabwino. Tichite chiyani?

Lachinayi m'mawa

Nabanda wa ku Tete: Mwadzuka bwanji. Aphunzitsi a Chimbalanga, ndayamba ndi inu. Nkhani zili ziwiri ndipo tisazisakanize: denga lakale, ndi kalasi yatsopano. Zonse ziwiri zimayambira pa pepala.

Sukulu yathu ndi ya boma. Ndiye a Director alembe kalata, a Conselho de Escola asainire, ipite ku SDEJT, ofesi ya maphunziro ya pa boma. M'kalatamo mulembe zinthu zitatu: matalala aononga denga, dengalo ndi la fibrocimento lakale lomwe tikuganiza kuti lili ndi amianto, ndipo makolo ali ndi njerwa ndi ndalama zoti amangire kalasi ina. Muikemo zithunzi. A SDEJT amagwira ntchito ndi a SDPI, a mapulani ndi zomangamanga, amene ali ndi técnico, katswiri wa zomanga, woti abwere adzaone. Mupange makope awiri, imodzi aidinde tsiku lolandira mubwere nayo. Popanda chidindo, mawa adzati sitinalandire.

Bambo Jere: Njerwa zathu, mchenga wathu, thukuta lathu, malo anapereka ndi agogo athu. Tikapemphenso chilolezo kwa munthu wa mu ofesi amene sanaponyepo ngakhale njerwa imodzi?

Mestre Zuze: Apo ndiye mwanena, a Jere. Ine ndamanga matchalitchi atatu ndi zigayo zosawerengeka popanda licença. Zonse zilipo.

Nabanda wa ku Tete: Malume, kalasi ikatha mudzafuna boma litumize mphunzitsi, mabenchi ndi mabuku. Ikadzagwa pa ana, adzafunsa kuti anavomereza ndani, ndipo dzina loyamba kutchulidwa lidzakhala lanu ndi la a Director. Unduna wa maphunziro uli ndi pulani yake ya kalasi: kukula kwake, mawindo mbali ziwiri kuti muziwala, khonde, ndi kamangidwe ka denga. A SDPI akakupatsani pulaniyo simufunikanso kulipira wojambula.

A Mestre, sindikunyoza ntchito yanu, makoma anu ndi oongoka ndimawadziwa. Koma kumbukirani namondwe Ana mu Januwale 2022, amene anagwetsa mlatho wa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Makalasi ambiri amene anaonongeka ndi mphepo m'dziko muno, kuyambira Idai mu 2019 mpaka Freddy mu 2023, makoma anatsala chiimire, denga ndi limene linauluka. Chifukwa chake mitanda imangokhazikidwa pa njerwa n'kumangidwa ndi waya woonda. N'chifukwa chake boma ndi a UN-Habitat anayambitsa ntchito ya Escolas Seguras: lamba wa konkire pamwamba pa khoma, zitsulo zotuluka m'lambamo zogwira mitanda, misomali yokwanira, ndi denga la khonde lolekana ndi denga la kalasi kuti mphepo ikanyamula khonde isatenge zonse. Ndipo apa pali china: lusalite ndi lolemera, linkadzipanikiza lokha. Mukaika malata opepuka pa mitanda yomweyo popanda kumanga bwino, mphepo ya Novembala idzakawatula m'munda wa mbatatesi wa a Nyakwawa.

Mestre Zuze: Za khonde lolekana ndi kalasi ndazimva. Imeneyo ndi nzeru. Zinazo ndi mapepala.

Kondwani ku Joni: A Mestre avomera chinthu! Wina ajambule.

Prof. Chimbalanga: Funso lina. Mpingo wa kutsidya ukufuna kumanga escolinha, sukulu ya mkaka, pafupi ndi msika wa ku vila. Nawonso apita ku SDEJT?

Nabanda wa ku Tete: Awo njira yawo ndi ina chifukwa si nyumba ya boma. Choyamba DUAT, pepala la ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Kenako pulani yojambulidwa ndi munthu wovomerezeka, ndi kalata ya amene adzayang'anire ntchito yovomera kuti udindo ndi wake. Akatero apemphe licença de construção, chilolezo chomangira. Ngati malowo ali m'kati mwa vila ya Ulónguè apita ku Município, ngati ali kunja apita ku boma la distrito kudzera ku SDPI. Akamaliza kumanga kumabwera vistoria, anthu odzayendera nyumbayo, kenako chilolezo choigwiritsa ntchito. Chilolezo chotsegula sukulu ndi china, chimachokera ku maphunziro. Akalemba kontirakitala aonetsetse kuti ali ndi alvará, chilolezo chogwirira ntchito yomanga.

Aphunzitsi Maseko: Pa DUAT pomwepo ndiikepo mlomo. A Jere mwati malo anapereka ndi agogo. Zoona, ndinalipo ndili mwana. Anaponda malire kuchokera pa mkuyu mpaka pa chulu, kutsikira kudambo. Koma anapereka ndi pakamwa. Lero chulu chija anachigumula n'kuumba njerwa, ndipo mizere ya mbatatesi yafika pa bwalo la mpira. Kumpoto kumene mukufuna kumanga kalasi yachitatu, adzukulu a mwini malo amati ndi pawo. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, ndipo limalemekeza malo amene anthu akhalapo mwa mwambo, ngakhale opanda pepala. Ndiye iwonso ali ndi pakamwa. Musanakumbe maziko itanani a Nyakwawa, banja lija ndi a boma, malire apondedwenso, alembedwe, mubzale mitengo.

Bambo Jere: Aphunzitsi, imeneyo ndi nkhani ina yautali.

Aphunzitsi Maseko: Ndi yautali, koma idzatalika koposa khoma likafika pa windo.

Dyeratu: Tinayamba ndi matalala, tsopano tili pa milandu ya minda. Pofika madzulo tikhala tikukamba za lobola.

Nangozo: Ine ndibwerere pa denga. Tinene kuti técnico wabwera, wavomera kuti lichoke. Alichotsa ndani? Kampani ya zovala zoyera ya a Kondwani ifika kwathu kuno?

Kondwani ku Joni: Mayi, imeneyo ngakhale mutagulitsa fodya wa mudzi wonse.

Nabanda wa ku Tete: Funso limeneli ndi limene limandipweteka mutu, ndipo sindikunamizani kuti lili ndi yankho lokoma. Lamulo linaletsa, koma silinabwere ndi galimoto yodzatenga ma lusalite akale m'midzi. Malo odziwika otayirako zinyalala zoopsa za m'mafakitale ali ku Mavoco, m'chigawo cha Maputo, makilomita oposa 1,500 kuchokera kuno. Ndi 200 meticais pa khomo sitifikako. N'chifukwa chake ndikuumirira kalata: boma ndi limene linene kuti achotse ndani ndipo zikaikidwe kuti, ndipo a zachilengedwe, a AQUA, adziwe. Likakhala pa pepala, mtolo si wa malume okha.

Koma poti ndikudziwa kwathu, ndinene zimene aliyense wochotsa ayenera kuchita, kaya ndi kontirakitala kaya ndi a Mestre. Ntchito ichitike ana kulibe, ndipo anthu oonerera akhale kutali. Ogwira akhale ochepa, akuluakulu okhaokha. Avale masiki a FFP3 kapena a P3 ogwira bwino kumaso. Kansalu ka nthawi ya korona sikatchinga timaulusi timeneti. Avale ovolosi yotaya ikatha ntchito, asapite nayo kunyumba kuti akazi awo akachape. Denga alinyowetse ndi madzi osakaniza sopo pang'ono, mothira pang'onopang'ono. Adule mabawuti, osati lata. Rebarbadora, sowo ndi hamala zikhale kunyumba. Lata lililonse litsike lathunthu, polandizana kapena ndi chingwe, osaponya. Poyenda padenga ayale matabwa. Pansi ayale pulasitiki yokhuthala, akulunge kawiri, amate ndi tepi, alembepo kuti AMIANTO. Zidutswa atole ndi manja zili zonyowa, pansi apukute ndi nsanza zonyowa, nsanzazo zilowe m'thumba lomwelo. Tsache ayi.

Mestre Zuze: Ntchito ya tsiku limodzi mwaisandutsa ya sabata.

Nabanda wa ku Tete: Eya, ya sabata.

Enf. Esinati: Ndiwonjezere: osadya, osamwa thobwa, osasuta pamalopo. Asambe kaye. Ndipo amene ali ndi ndevu masiki sagwira bwino, amete.

Dyeratu: Thobwa laletsedwa, ndevu zaletsedwa. A Mestre, ife awiri tatuluka m'timu.

Prof. Chimbalanga: Zidutswa zimene zagwera m'kalasi ndi matalala zilipobe pansi. Dzulo ndinauza ana a 6ª kuti lero asese. Ndawaletsa m'mawa uno nditawerenga. Ndakhoma zitseko zonse ziwiri.

Nabanda wa ku Tete: Mwachita bwino kwambiri aphunzitsi. Zikhale zokhoma. Mabenchi mukafuna kutulutsa, akulu awiri awapukute ndi nsanza yonyowa asanawanyamule.

Bambo Jere: Ndiye ana akhala pa mkuyu mpaka liti? Inu mukudziwa mmene mapepala amayendera. Chaka chatha tinalemba kalata yopempha mabenchi ku ofesi ina, mpaka lero. Tinapitako kanayi, ulendo uliwonse ndalama ya njinga yamoto kupita ndi kubwera. Tsiku lina akuti bwana ali ku semina, tsiku lina akuti kalata yasowa. Makolo asonkha ndalama, akaona mwezi watha palibe chachitika, adzati Jere wadya. Inu muli ku Tete ndi ku Joni, amene adzatukwanidwe pa maliro ndine.

Gift wa pa Zóbuè: Apo a Jere akunena zoona. Ndalama ya gulu ikagona m'nyumba imamera miyendo, ngakhale isanamere anthu amati yamera.

Aphunzitsi Maseko: Ndalamayo gulani malata ndi simenti msanga, zisungidwe ku ofesi ya a Director, malisiti awerengedwe pa msonkhano. Anthu akaona malata ndi maso mitima imakhala pansi. Za ana, ndilankhula ndi akulu a mpingo. Tchalitchi chimakhala chopanda anthu Lolemba mpaka Lachisanu. Mu 1993 tinaphunzitsira momwemo.

Prof. Chimbalanga: Zikatheka, 6ª ilowe m'tchalitchi chifukwa cha mayeso. 5ª tiziphunzitsa masana m'kalasi ya 2ª ikaweruka.

Nangozo: Nanga ndalama ya ADE, ija boma limatumiza kusukulu, singathandize?

Prof. Chimbalanga: Ija ndi yochepa mayi, ndipo ili ndi mndandanda wa zimene timaloledwa kugula: choko, makope, tokonzakonza ting'onoting'ono. Denga lonse siingakwanitse.

Nabanda wa ku Tete: Malume, za kuchedwa sindikutsutsani. Koma kalata iyi ndi yosiyana ndi ya mabenchi. Simukupempha ndalama, mukupempha técnico ndi pulani, ndipo muli mawu oti amianto ndi ana 74. Wolandira akadinda, mtolo wagwera pa desiki yake. Ndilemba ine m'Chipwitikizi usiku uno, nditumiza kwa aphunzitsi a Chimbalanga. Mupite awiri ndi a Director, ndipo mudzere kwa a Chefe do Posto adziwe. Mafuta a njinga ya técnico akavuta, ine ndi Kondwani tithira.

Kondwani ku Joni: Ndavomera. Masiki a P3 ndi maovolosi kuno ndi osavuta kupeza. Pali mnyamata wa kwathu akukwera basi sabata ya mawa, ndimupatsira. Mundiuze anthu angati.

Mestre Zuze: Anayi. Ine, ana anga awiri ndi mphwanga. Koma ndevu sindimeta.

Enf. Esinati: Ndiye inu mukhala pansi muzilozera ndi ndodo.

Mestre Zuze: Tiona.

Lachinayi usiku

Bambo Jere: Ndayenda kwa a Nyakwawa. Loweruka msonkhano ulipo koma wa malire ndi kuwerenga ndalama, padenga sitikwera. Koma pali vuto. Pobwerera ndadzera kusukulu, ndapeza mbali ya kumadzulo ma lusalite asanu ndi limodzi kulibe. Anthu anamva Lachiwiri kuti tikugulitsa, ena ayamba kudzitengera.

Nangozo: Ndawaona. Awiri ali pa bafa la kuseri kwa chigayo. Ena anyamula pa ngolo madzulo ano kulowera kudambo.

Gift wa pa Zóbuè: Musandiyang'ane ine, ndili pa Zóbuè.

Dyeratu: Palibe wakutchula, Gift.

Nabanda wa ku Tete: Malume, musawakalipire, angabise kapena kuwaphwanya. Muwauze chifukwa chake, ndipo asadule. Abweze athunthu, muwaike pansi kuseri kwa mdadada, muwafunditse pulasitiki. M'kalata ndilemba 46 kapena 40?

Bambo Jere: Lemba 46. A Nyakwawa atumiza mnyamata wa mluzu m'mawa kulengeza. Wa ngoloyo ndikumudziwa, ndi mlamu wanga. Ndipita ndekha kusanache, asanayambe kukhoma.

Prof. Chimbalanga: Mutenge pulasitiki ija tinafunditsira njerwa, ili mu ofesi. Kiyi ali kwa alonda.